Kwa achemwali ofunsa za kubzala nthambi za tree peony kuno ku Mangochi

Achemwali, ndaona funso lanu loti mbale wanu wa ku England akufuna kukudulirani nthambi za tree peony, kamtengo kaja ka maluwa akuluakulu odzaza ngati kabichi, pobwera, ndiye mukufunsa ngati zingagwire mukazizika pakhomo panu ku Mpondasi. Ine ndili ndi kanazale ka maluwa kuno kuboma, ndipo duwa limeneli linandigwirapo mtima ngati mmene lakugwirirani inu. Ndiye ndikuuzani mosapsatira: musaikepo mtima wanu wonse.

Tree peony si chinangwa choti ukazika kamtengo mvula ikagwa, basi kaphuka. Nthambi yake imachedwa kwambiri kutulutsa mizu, ndipo zambiri zimauma kapena kuola zisanayambe n'komwe. Ngakhale ku China kumene duwali linachokera, kumene alilima kwa zaka zoposa 1,000 ndipo mzinda wa Luoyang umachita chikondwerero chake mwezi wa Epulo, alimi sadalira nthambi zongozika. Amamezanitsa. Amadula kanthambi ka maso awiri n'kukalumikiza pa muzu wa peony wa mtundu wina, uja wopanda thunthu amene amauma nthawi yozizira n'kudzaphukanso. Muzuwo umakhala ngati mayi woyamwitsa mwana wa mnzake, umadyetsa kanthambiko mpaka katatulutsa mizu yakeyake. N'chifukwa chake pobzala amakwirira polumikizira paja masentimita 10 mpaka 15 pansi. Ena amagawa chitsa chachikulu, ena amapinda nthambi n'kuikwirira ikadali pa make. Za njere ndiye zimafuna kupirira, chifukwa maluwa mumawaona patapita zaka zisanu kapena kuposa.

Ine ndinapatsidwapo tinthambi titatu ndi mnzanga wina wochokera kunja. Ndinatizika mumchenga, ndipo patapita masabata awiri maso anatupa, timasamba tofiirira n'kutuluka. Ndinasangalala zedi. Koma pofika mwezi wachiwiri tonse tinafota, ndipo nditazula ndinapeza kumunsi kwada, muzu ngakhale umodzi palibe. Masamba aja ankangodya chakudya chimene chinali kale m'kanthambimo. Ndanena izi kuti mukadzaona mphukira musadzafulumire kunena kuti wagwira.

Koma vuto lalikulu ndi nyengo yathu. Tinene kuti mwachita mwayi, nthambi yagwira. Mtengowu umafuna kugona. Umayoyola masamba onse n'kukhala masabata angapo m'chisanu chenicheni, cha madigiri 7 kutsika pansi, ndipo kuzizirako ndi kumene kumadzutsa maso a maluwa. Ife kuno tili m'mbali mwa nyanja, mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Mwera ukamaomba mu Juni ndi Julaye timafunda mabulangete inde, koma kwa peony kumeneko n'kofunda. Ndiye bwerani ku Okutobala ndi Novembala, pamene mchenga umawotcha mapazi. Mtengo wosagona umangonyentchera chaka ndi chaka, osachita duwa, mapeto ake kufa. Onjezani kuti nyengo za ku England ndi zathu n'zosemphana, kwawo kukamazizira kwathu kuli dzinja la mvula ndi kutentha. Akanafunsa munthu wa ku Dedza kapena wa kufupi ndi Nyika kumene kumagwa chisanu, ndikanati ayesere mbande yomezanitsa kale. Ku Namwera n'kozizirirapo, komabe sindingakulimbikitseni.

Muwauzenso abale anuwo kuti zomera sizilowa m'dziko muno m'chikwama chabe. Pamafunika chilolezo cha ku Unduna wa Zaulimi ndi chikalata chosonyeza kuti zilibe matenda, apo ayi akazilanda pabwalo la ndege.

Tsono ngati chimene mwakonda ndi duwa lalikulu lodzaza ngati kabichi lija, funani Hibiscus mutabilis wa maluwa othithikana, amene ena amati cotton rose. Nayenso kwawo n'ku China, koma kutentha sakuopa bola madzi alipo. M'mawa duwa lake limatseguka loyera, masana lasanduka pinki, dzuwa likamalowa lafiira. Ana kwanga amapita kukalisuzumira katatu pa tsiku. Ndipo ameneyu nthambi zake zimagwira mosavuta.

Dulani m'mawa nthambi yonenepa ngati pensulo, yoti yayamba kukhwima koma siinakalambe, kutalika masentimita 20 kapena kuposa pang'ono. Kumunsi dulani pansi penipeni pa mfundo ndi mpeni wakuthwa, woyera. Thotholani masamba onse, musiye limodzi kapena awiri kumwamba, nawonso muwadule pakati chifukwa ndi aakulu, amataya madzi. M'machubu muikemo mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono. Manyowa ayi, amaoletsa. Bowolani ndi kamtengo, lowetsani mfundo ziwiri pansi, tsinderani ndi zala. Ufa wothandiza kumeretsa mizu ngati muli nawo pakani, ngati mulibe musadandaule. Ikani machubuwo pamthunzi wa mango, koma pa thandala kapena pa njerwa chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa. Nthawi yotentha vundikirani ndi botolo lapulasitiki lodula pakati, chitsekerero chili chochotsa.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pothirira. Mchenga ukhale wachinyezi, osati wa matope. Lowetsani chala, ngati mkati muli monyowa dikirani mawa. Pakatha mwezi kapena mwezi ndi theka yang'anani kunsi kwa chubu, mukaona timizu toyera yambani kuzoloweza dzuwa la m'mawa pang'onopang'ono. Wokerani mvula ikakhazikika mu Disembala, pamalo poti mphepo ya kunyanja isamawombe mwachindunji, ndipo dzenje lake ndi limene muthiremo manyowa owolerana bwino.