Mafupa a mayi afooka: mapiritsi, diripi kapena jakisoni?

Mayi wina wokhala ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti mayi ake a zaka 64 anabwera kudzacheza, ndipo anaterereka m'bafa n'kuthyoka mkono. Atawaunika ndi makina a DXA, oyeza kulimba kwa mafupa, dokotala wapeza osteoporosis, matenda ofooketsa mafupa omwe amakonda amayi amene anasiya kusamba. Wawauza asankhe pakati pa mapiritsi, diripi ndi jakisoni. Koma mwezi wamawa akubwerera kwawo ku Ntcheu.

Achemwali, nkhani yagona pa ulendo wobwererawo.

Jakisoni wa denosumab amabaya kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amalimbitsadi mafupa. Vuto lake, salola kujomba. Mukangomusiya popanda mankhwala ena olowa m'malo, mafupa amafooka mofulumira, ena mpaka mafupa a msana amatswekera pamodzi angapo. Ndiye mudzifunse: tsiku la jakisoni wachiwiri likadzakwana mvula ili pakati, ndalama ya basi palibe, adzawabaya ndani? Ine pamenepa ndimachita mantha.

Mapiritsi a alendronate ndi otchipa, mbulu umodzi wa 70 mg pa sabata. Koma ali ndi mwambo wake. Amamwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi odzadza kapu, osati tiyi. Kenako mphindi 30 osagona, osadya. Mayi anu ngati ali aja odzuka n'kupita kukawerama kumunda, kapena odwala chilungulira, awuzeni adokotala, chifukwa mankhwalawa amatha kupweteka kummero.

Diripi ya zoledronic acid ndi kamodzi pa chaka, ndipo mphamvu yake imakhalitsa m'mafupa ngakhale yotsatira itachedwa. Ulendo woyamba thupi limatha kuphwanya ndi kutentha masiku awiri atatu, ngati malungo. Asanaike amayeza kaye impso ndi calcium (mchere wolimbitsa mafupa) m'magazi. Akanakhala mayi anga, impso zili bwino, ndikanapempha imeneyi asanakwere basi.

Za mahomoni a estrogen, aja amachepa mayi akasiya kusamba, mwina mudzamva kwa anzanu. Amayenera kwambiri amene sanakwane zaka 60, ndipo amawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi.

Chilichonse chimene musankhe, aonetse mano kaye. Dzino lofunika kuzula lizulidwe asanayambe, poti mwa apo ndi apo mapiritsi, diripi ndi jakisoni uja zimachedwetsa kupola kwa nsagwada. Kumudziko usipa ndi matemba azidya ndi minga yomwe, chambiko asachinyoze, poti zonsezi zili ndi calcium. Ndipo mwala woterera uja wa kubafa kwawo, tumani mwana akauchotse asanafike.