Mtima wa mwana wanga uli kumanja, ndipo chifuwa sichimuthera

Funso: Ndine mayi wa ana atatu. Wachiwiri, mnyamata wa zaka 7, wakhala akutsokomola chibadwire, mamina sauma m'mphuno mwake, ndipo khutu limatuluka mafinya pafupipafupi. Anamwa mankhwala a TB miyezi 6 koma sanasinthe. Chaka chino atamujambula X-ray, adokotala poyamba ankayesa kuti chithunzi achitembenuza, koma atamuyeza pachifuwa anapeza kuti mtima ukugundadi kumanja. Apongozi anga akuti ndi tsempho, ndipo wolakwa ndine. Kodi chifuwachi chikugwirizana ndi mtimawu? Mayi wa ku Chadiza.

Yankho: Mayi, sitingayeze mwana kudzera m'kalata, koma zizindikiro zimene mwatchulazi zikapezeka pamodzi, madokotala amaganizira matenda otengera kwa makolo otchedwa primary ciliary dyskinesia, mwachidule PCD. Ziwalo za wodwalayo zikakhalanso zotembenuka, amawatchula kuti matenda a Kartagener, potengera dzina la Manes Kartagener, dokotala wa ku Zurich amene anawafotokoza mu 1933. Chifuwa ndi mtima wakumanjawo zimachokera pa gwero limodzi.

Njira za mpweya, kuyambira m'mphuno mpaka m'mapapo, n'zoyalidwa ndi maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, okhala ndi tiubweya tating'ono kwambiri, pafupifupi 200 pa selo limodzi. Tiubweyati timakupiza maulendo oposa 10 pa sekondi iliyonse, tonse kulozera mbali imodzi, ndipo timasesa makhololo okola fumbi ndi tizilombo kuwakweza kukhosi, monga mmene tsache limakankhira zinyalala kunja kwa bwalo. Munthu wathanzi amameza makhololowo tsiku lonse osadziwa n'komwe.

Chimene chimakupiza kaubweya kalikonse ndi kainjini kopangidwa ndi mapuloteni, kotchedwa dynein, komwe Ian Gibbons anakatulukira m'zaka za m'ma 1960. Mkati mwa kaubweya muli timachubu tiwiritiwiri tokwana magulu 9 tozungulira, ndi tina 2 pakati. Dynein imamera pa gulu limodzi ngati timanja, n'kugwira gulu loyandikana nalo ndi kulikankha, ndipo mphamvu yake imaitenga ku ATP, amene ndi mafuta a selo. Popeza timachubuto n'tomangidwa pamodzi, sitingatsetsereke patali, choncho kukankhako kumapinditsa kaubweya konse. Timanjato tikasowa, kaubweya kamangoima chilili kapena kunjenjemera mopanda mphamvu. Izi anazionetsa ndi Björn Afzelius wa ku Sweden mu 1976, atayang'ana ndi maikulosikopu yamphamvu kwambiri tiubweya ta amuna odwala chifuwa chosatha amene mbewu ya mu umuna wawo sinkayenda.

Dynein si puloteni imodzi ayi, koma zidutswa zambiri zolumikizana, ndipo chidutswa chilichonse chili ndi jini yake, kutanthauza malangizo olembedwa mu DNA ofotokoza kapangidwe kake. Jini yotchedwa DNAH5, yomwe ili pa chromosome 5 (chromosome ndi mtolo wa DNA wa m'selo), ndiyo imapanga chidutswa chachikulu chimene chimatentha ATP ndi kutulutsa mphamvu. Ina, DNAI1 ya pa chromosome 9, imapanga chidutswa chocheperapo chothandiza kuti kainjiniko kamangike bwino, ndipo ndiyo inali yoyamba kudziwika kuti imayambitsa PCD, mu 1999. Lero zikudziwika jini zoposa 50 zimene zikalakwika zimabweretsa matenda omwewa.

Nanga mtima unapita bwanji kumanja? M'sabata yachitatu ya kukula kwa mwana m'mimba, asanaoneke n'komwe ngati munthu, pamakhala kadzenje kakang'ono kokhala ndi tiubweya tozungulira timene timayendetsa madzi kupita kumanzere. Kayendedwe ka madziko ndiko kamauza thupi mbali yoika mtima, chifu ndi kapamba, ndiponso mbali yoika chiwindi. Tiubweya tikapanda kuyenda, thupi limangosankha mwamwayi, n'chifukwa chake pafupifupi theka la odwala PCD ali ndi ziwalo zotembenuka pamene theka linalo zili m'malo mwake. Ana a m'gulu lachiwirili ndiwo amachedwa kwambiri kudziwika, chifukwa palibe chodabwitsa pa X-ray yawo, ndipo kuno kumene TB ndi yofala n'zosavuta kuti azingopatsidwa mankhwala a TB kapena a mphumu chaka ndi chaka.

Tsopano za tsempho. Akuluakulu akaona mwana akutsokomola ndi kuonda amakumbukira zimene anaphunzitsidwa, ndipo apongozi anu akunena zimenezo chifukwa chodera nkhawa mdzukulu wawo. Komabe matendawa sabwera chifukwa cha chimene mayi anachita kapena kuphwanya. Munthu amalandira jini iliyonse kawiri, ina kwa mayi, ina kwa bambo, ndipo pa DNAH5 ndi DNAI1 mwana amadwala pokhapokha zonse ziwiri zikakhala zolakwika. Ngati mwana wanu alidi ndi PCD, n'zothekera kwambiri kuti inu ndi bambo ake nonse muli ndi jini imodzi yolakwika ndi ina yabwino, n'chifukwa chake nonse muli bwinobwino. Pa mimba iliyonse ya makolo otere, mwayi woti mwana adwale ndi 1 pa 4. Ukwati wa pachisuweni, umene mwambo wathu unkaulola, umakweza mwayi woti jini ziwiri zolakwika zikumane, ngakhale kuti ana ambiri odwala amabadwa kwa makolo osakhala pachibale. Kukanakhala bwino kuti bambo ake ndi agogo akewo apite nanu kuchipatala kuti akadzimvere okha.

Mtima wakumanja, ngati unapangika bwino, umagwira ntchito moyo wonse, koma pemphani kuti aujambule ndi makina oonera mkati mwa mtima, popeza ana ena otere amabadwa ndi vuto la kapangidwe kake. Nkhawa yaikulu ikhale pa mapapo. Makhololo akamakhazikika, tizilombo timaswana, chibayo chimabwerezabwereza, ndipo njira za mpweya zimafutukuka n'kuwonongeka mosabwerera. Mankhwala okonza dynein kulibe, koma kuwonongekako kungachedwetsedwe kwambiri. Pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa ana ku Chipata Central Hospital, ndipo iwo akaona kufunika angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka. Kutsimikizira matendawa kumafuna kuyeza mpweya wa nitric oxide m'mphuno, kuona tiubweya pa maikulosikopu, kapena kuyeza jini, koma chisamaliro sichiyenera kudikira zimenezo. A fiziyo, akatswiri a kuchipatala othandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, akuphunzitseni kugoneka mwana ndi kumuomba pamsana ndi dzanja lopinda ngati chikho, m'mawa ndi madzulo, kuti makhololo atuluke. Musamumwetse mankhwala oletsa kutsokomola, chifukwa kutsokomola ndiyo njira yokha imene watsala nayo yoyeretsera chifuwa. Azithamanga ndi kusewera mpira ndi anzake, alandire katemera yense, asamakhale m'khitchini mofuka utsi wa nkhuni kapena pafupi ndi osuta fodya, ndipo makhololo akasintha mtundu kapena thupi likatentha, mufulumire naye kuchipatala. Makutu ake ayezedwenso, popeza ana ambiri otere samva bwino ndipo kusukulu amangoyesedwa osamvera. Ana anu enawo akakhala ndi chifuwa chonyowa chosatha, muwatchule kwa adokotala.

Funso: Ndili ndi zaka 34 ndipo ndili ndi ana awiri. Pondiyeza kuti ndiyambe ntchito anandiuza kuti ziwalo zanga zonse n'zotembenuka. Sindidwaladwala. Kodi ndide nkhawa? Bambo wa ku Katete.

Yankho: Ayi, bambo. Ambiri mwa anthu a ziwalo zotembenuka alibe PCD, ndipo popeza mulibe chifuwa chosatha komanso muli ndi ana, zikuoneka kuti tiubweya tanu tikuyenda bwino. Amuna ambiri a PCD amavutika kubereka chifukwa mchira wa mbewu yawo umayendetsedwanso ndi dynein. Chofunika n'chakuti muzinena msanga nthawi iliyonse mukapita kuchipatala, ndipo zilembedwe pa khadi lanu. Apendikisi yanu ili kumanzere, choncho ikatupa ululu ukhoza kumveka kumanzere kwa mimba, ndipo poyeza mtima ndi makina a ECG ayenera kuika mawaya motembenuza, apo ayi zotsatira zidzaoneka ngati muli ndi matenda amene mulibe.