Flash ikuwala yokha, mukadina ikukana: kodi trigger yapsa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnzathu wina wojambula maukwati. Ali ndi kamera ya Canon, trigger (kachipangizo kokhala pamwamba pa kamera kamene kamauza flash pa mafunde a wailesi kuti iwale) ya Godox X2T ndi ma flash awiri a TT600 amene amawaimika pa ma stand. Akuti kunyumba zonse zimayenda bwinobwino. Koma Loweruka muholo, nthawi ya perekaniperekani, flash inkangowala yokha iye asanadine, ndiye akadina n'kukhala zii. Funso lake: "Kodi trigger yanga yapsa? Ndigule ina?"

Achimwene, ndalama zanuzo bwezani kaye m'thumba. Trigger yakupsa siigwira ntchito kunyumba n'kukakana kuholo. Ine ndikuganiza kuti muholomo munali wojambula wina wa zipangizo ngati zanu, ndipo nonse munali pa tchanelo chimodzi. Ambirife tikagula timangozisiya pa tchanelo 1. Mnzanuyo akadina, ma flash anu amamvera iye. Inu mukadina patangopita kamphindi, mumapeza flash ikadali kudzaza mphamvu, pakuti ikawala ndi mphamvu yonse imafuna masekondi awiri kapena atatu kuti iyambirenso. Ndiye zonse ziwiri, kuwala yokha ndi kukana, gwero lake n'limodzi. Mnzanuyo mwina anapita kwawo akudabwa kuti zithunzi zake zawala bwino chonchi bwanji.

Mankhwala ake ndi osavuta. Zipangizo za Godox zimalankhulana pa 2.4GHz ndipo zili ndi matchanelo 32. Chokani pa 1, sankhani china, monga 17 kapena 23, pa trigger ndi pa flash iliyonse. X2T ili ndi SCAN mu menyu, imene imakuonetsani matchanelo opanda phokoso pamalo pamene mulipo. Ichiteni anthu atadzaza kale, chifukwa Wi-Fi ndi Bluetooth za m'mafoni awo zimadutsanso pa 2.4GHz pomwepo.

Palinso ID, nambala yoyambira 01 mpaka 99, imene imatsekera kunja trigger ya wina ngakhale muli pa tchanelo chimodzi. Koma apa samalani. Ma TT600 akale alibe ID. Mukaika ID pa trigger pamene flash ilibe, flashyo siiwalanso ngakhale pang'ono, ndipo mudzalumbira kuti yafa. Ngati mu menyu ya flash yanu mulibe ID, pa trigger isiyeni pa OFF.

Onaninso kuti pa sikirini ya flash sipanalembedwe S1 kapena S2. Pamenepo flash siimvera wailesi, imangodikira kuona kuwala kwa flash ina iliyonse. Paukwati pamene ojambula ali anayi kapena asanu, imakhala ngati galu wa aliyense.

Tsopano tinene kuti mwasintha tchanelo koma ikukanabe. Musayambe kudinadina mabatani onse nthawi imodzi. Dinani batani la TEST pa trigger, kamera osaikhudza. Batani limeneli limadula nkhani pakati. Flash ikawala, wailesi ilibe mlandu, vuto lili pakati pa kamera ndi trigger. Ikapanda kuwala, kamera isiyeni, vuto lili pakati pa trigger ndi flash.

Ngati TEST yalephera, yambani ndi gulu (ma flash amaikidwa m'magulu a zilembo monga A ndi B). Flash ikhoza kukhala pa B pamene pa trigger gulu B ndi lozimitsa. Kenako mabatire. A AA otchipa a pagolosale aja amayatsa sikirini bwinobwino koma mphamvu yodzazira flash msanga alibe, ndipo ndi amene ndimayamba kuwakayikira. Gulani otchaja a NiMH, muwasunge anayianayi, osasakaniza akale ndi atsopano. Dziwani kuti otchajawa ndi a 1.2V pamene wamba ndi a 1.5V, choncho trigger ikhoza kusonyeza kuti batire latsika pamene likadali ndi moyo. Flash imagonanso ikakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito, monga abusa akatalikitsa ulaliki. Zimitsani tulo take mu menyu. Imatenthanso: mukaiwalitsa ndi mphamvu yonse motsatizana ka 30 kapena kuyandikira apo, imadziteteza yokha n'kuyamba kuchedwa kwambiri. Tsitsani mphamvu ifike 1/4, mukweze ISO (mmene kamera imamvera kuwala) pang'ono, ipuma.

Za mtunda anthu amangoganiza za kutalika, koma kufupika nakonso kumavuta. Tsiku lina ndinkajambula mbale ya chambo ndi nsima, flash ili pambali penipeni pa kamera, mwina masentimita 30. Inakana. Ndinasintha mabatire kawiri, thukuta lili kamukamu, mwini malo akundiyang'ana, nsima ikuzizira. Nditaikokera flash patali pang'ono kuti ndiione bwino, inawala. Wailesi ikayandikana kwambiri imachita kugonthetsa cholandirira. Pa X2T yanuyo pali DIST, pamene mumasankha 0-30m kapena 1-100m. Pojambula pafupi ikani 0-30m, koma musaiwale kubwezera mukamapita kuholo yaikulu. Ndipo ma flash aimikeni pamwamba pa mitu ya anthu. Thupi la munthu lili ndi madzi ambiri, limameza mafunde amenewa, ndiye khamu lovina pakati pa inu ndi stand limakhala ngati khoma.

Ngati TEST yawalitsa koma mukadina shutter pojambula flash ikukana, chotsani trigger, pukutani timapini take ndi hot shoe ya kamera (pamwamba paja pamene mumalowetsa trigger) ndi kansalu kouma, muikankhe mpaka kumapeto n'kukhoma. Fumbi la mu Okutobala limakwana kutseka njira. Onani chilembo chakumapeto kwa dzina la trigger: C ndi ya Canon, N ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm. Onaninso ngati simunaike kamera pa kujambula mwakachetechete muli m'tchalitchi n'kuiwala, chifukwa makamera ambiri salola flash akakhala pa shutter yamagetsi.

Simunandiuze mtundu wa Canon yanu, ndipo apa m'pofunika. Ma 4000D, 250D ndi ma 2000D ambiri anatuluka opanda pini yapakati pa hot shoe, imene ma trigger wamba a pini imodzi amadalira. Pa makamera amenewa pamafunika trigger yolankhula chinenero cha Canon, nthawi zina ndi firmware (pulogalamu ya m'kati mwa trigger) yatsopano. Poti kwanu zimagwira kunyumba, sindikuganiza kuti ndi zimenezi, koma mukabwereka kamera ya mnzanu suzumirani kaye pa hot shoe.

Chithunzi chikamatuluka ndi mzere wakuda m'munsi, imeneyo si wailesi ayi. Shutter yapitirira liwiro logwirizana ndi flash, limene pa ma Canon ambiri ndi 1/200. Tsitsani, kapena yatsani HSS, imene imalola flash kugwira ntchito pa liwiro loposa pamenepo.

Loweruka likubwerali fikani msanga, mupeze ojambula anzanuwo musanayambe, mufunsane kuti aliyense ali pa tchanelo chanji. Mukabwerako mundilembere mmene zayendera, ndipo mutchule mtundu wa kamerayo.