Notsi zonse ndinaloweza, nanga Chemistry ikundigwetseranji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 amene akulemba MSCE chaka chino. Wapempha kuti dzina lake ndi la sukulu yake zisatchulidwe, ndiye ndingofupikitsa zimene walemba. Akuti Chemistry amaikonda, notsi zonse anaziloweza, ma element 20 oyamba a pa periodic table angawatchule ngakhale atadzutsidwa pakati pa usiku, koma pa mock anapeza 7 pamene Biology anapeza 3. Maloto ake ndi okachita unamwino ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), ndipo akudziwa kuti ndi 7 wa Chemistry khomo limenelo silitseguka. Funso lake ndi loti: kodi ana ambiri amalakwitsa pati pa mayeso amenewa?

Mwana wanga, yamba wakatenga pepala lako la mock kwa aphunzitsi. Anzako ambiri akangoona nambala yofiira pamwamba amalipinda n'kuliponya pansi pa chikwama. Iwe litambasule, utenge pensulo, ndipo paliponse pamene unataya malikisi ulembe chimodzi mwa ziwiri izi: "sindinkadziwa" kapena "ndinkadziwa". Kwa mwana woloweza notsi ngati iwe, ndikuyembekeza kuti "ndinkadziwa" ndi amene achuluke. Ngati ndi choncho, kuwonjezera maola owerenga sikukuthandiza kwenikweni, chifukwa malikisi ako akutayikira pa kalembedwe ka zimene ukudziwa kale.

Ndiyambe ndi pamene pamagwera anthu ambiri, masamu a ma mole. Kuchulukitsa ndi kugawa si vuto, calculator imachita zimenezo. Vuto ndi loti mwana amathamangira formula asanalembe equation. Taona funso ili, lofanana ndi amene amakonda kubwera: 25 cm³ ya sodium hydroxide ya 0.1 M yathetsedwa mphamvu ndi 20 cm³ ya sulphuric acid, pezani concentration ya acid. Woloweza nthawi yomweyo amalemba M₁V₁ = M₂V₂, n'kupeza 0.125 M, n'kujambula mzere pansi pake mtima uli m'malo. Walakwa. Equation yake ndi H₂SO₄ + 2NaOH → Na₂SO₄ + 2H₂O, kutanthauza kuti mole imodzi ya acid imadya ma mole awiri a hydroxide. Ma mole a NaOH ndi 0.025 kuchulukitsa ndi 0.1, amene ndi 0.0025. A acid ndi theka lake, 0.00125. Ukagawa ndi 0.020 upeza 0.0625 M. Formula ija imagwira pamene zinthu ziwirizo zikukumana mole imodzi kwa mole imodzi, monga hydrochloric acid ndi sodium hydroxide. Poti chitsanzo choyamba m'kalasi nthawi zambiri chimakhala chimenecho, ana amaganiza kuti ndi lamulo la titration iliyonse.

Waona kuti ndalemba 0.025 osati 25? Pamenepo ndi dzenje lina. Concentration imayezedwa pa dm³, ndipo dm³ imodzi ndi 1000 cm³. Ukaiwala kugawa ndi 1000 upeza ma mole 2.5 a sodium hydroxide, omwe ndi magalamu 100, m'timadzi tosakwana masupuni akuluakulu awiri. Zimenezo sizingasungunuke n'komwe. Ukapeza yankho, uziyamba waliyang'ana n'kudzifunsa ngati zoterezi zingachitikedi pa tebulo la mu labotale. Chimodzimodzinso ndi mipweya: mole imodzi imadzaza 24 dm³ pa room temperature and pressure, koma 22.4 dm³ pa standard temperature and pressure. Funso limanena lokha kuti likufuna iti, koma maso othamanga amadumpha zilembo zitatu zimenezo, r.t.p. kapena s.t.p. Ndipo ulembe sitepe iliyonse ndi ma unit ake. Ukalemba yankho lokha n'kukhala lolakwa, wochonga alibe poyambira kukupatsa kanthu. Njira ikaoneka, malikisi ena amapulumuka ngakhale nambala yomaliza yaphonya.

Mabulaketi nawonso amadya ana. Urea amene makolo ako amathira ku chimanga ndi CO(NH₂)₂. Ka 2 kakunjako kamachulukitsa zonse zam'kati, ndiye ma nitrogen ndi awiri, ma hydrogen anayi, ndipo kulemera kwa mole imodzi ndi magalamu 60. Nitrogen ndi 28 pa 60, pafupifupi 46.7%. Ukapita kunyumba kayang'ane thumba lake, upeza palembedwa 46% N. Amene awerenga nitrogen mmodzi amapeza 23% n'kupitirira osadabwa. Pochita balance equation, manambala aang'ono a m'munsi sakhudzidwa. Ukasintha H₂O kukhala H₂O₂ kuti ma oxygen akwane, madzi wawasandutsa hydrogen peroxide, chinthu china ndithu. Umangosintha manambala akuluakulu a kutsogolo.

Tsopano pa chimene ndikuganiza kuti chinakulanda malikisi ambiri. Funso likati "what would you observe", akufuna zimene maso aona, khutu lamva kapena dzanja lakhudza. Ukaponya kachidutswa ka magnesium mu hydrochloric acid, sunaone hydrogen. Palibe amene anaionapo. Waona thovu likutuluka, kachitsulo kakuchepa mpaka kutha, ndipo test tube yatentha m'manja. Mwana wanzeru amalemba "hydrogen gas is produced" poganiza kuti waonetsa kudziwa zambiri, koma wayankha funso limene sanafunsidwe. Kuti unene kuti ndi hydrogen uyenera kuyesa ndi kamtengo koyaka n'kumva kaphokoso kakuti pho. Oxygen imayatsanso kamtengo kamene kangotsala khala. Carbon dioxide imachititsa limewater kuoneka ngati mkaka. Pa funso la mayeso otere pamafunika zinthu ziwiri, chimene uchite ndi chimene uone, ndipo ambiri amalemba chimodzi.

Mtundu ukasintha, tchula wakale ndi watsopano womwe. Bromine water ikakumana ndi alkene imachoka pa orange kupita pa colourless. Ukalemba "it becomes clear" malikisi apita, chifukwa copper sulphate yosungunuka m'madzi nayonso ndi clear, umaona mbali ina ya botolo bwinobwino, koma ndi ya buluu. Ukathira sodium hydroxide mu copper sulphate, usangoti zasintha mtundu. Nena kuti papangika precipitate ya buluu. Ya iron(II) imakhala yobiriwira, ya iron(III) yofiirira ngati dzimbiri. Mawu akuti precipitate ndi amene wochonga akusaka ndi maso pa pepala lako.

Pepala la practical ndi limene limandimvetsa chisoni, chifukwa mwana wa ku CDSS yopanda labotale nthawi zina amagwira burette koyamba m'masabata omaliza, pamene mnzake wa ku sukulu ya zipangizo anaizolowera kuyambira kale, koma funso ndi limodzi. Dziwiratu izi. Burette ziro yake ili pamwamba, manambala amakula potsika, ndiye madzi akakhala pang'ono kumunsi kwa 21 ndi 21 ndi kanthu, osati 20 ndi kanthu. Diso likhale molunjika ndi madziwo ndipo uwerenge pansi pa kukhota kwake. Manambala onse mu tebulo akhale ndi ma decimal ofanana: ngati wina ndi 21.40, mnzake alembedwe 0.00, osati 0. Titration yoyamba ndi yongofufuzira, siilowa mu average. Umatenga zimene zayandikana. Ika pepala loyera pansi pa flask, ndipo pinki wa phenolphthalein akayamba kuzimiririka usatsegulenso mpopi wonse, uzidontheza dontho limodzi limodzi ukugwedeza. Pa galafu, ma axis akhale ndi mayina ndi ma unit, sikelo idzaze gawo lalikulu la pepala, ndipo usalumikize madontho ngati mano a sowo.

Mafunso a "explain" ndi amene amasiyanitsa womvetsa ndi woloweza. Akafunsa chifukwa chake madzi amawira pa 100°C, ambiri amalemba kuti ma covalent bond amaduka. Akanamaduka, pa ketulo pakanamatuluka hydrogen ndi oxygen. Nthunzi ndi H₂O yemweyo. Chimene chagonja ndi mphamvu zokokana pakati pa molecule ndi molecule inzake. Pa mchere ndiye mawu akuti molecule usawalembe n'komwe, chifukwa sodium chloride ndi ma ion. Mchere wouma sudutsitsa magetsi poti ma ion ake amangika pamalo amodzi; ukasungunuka amayenda, ndipo ndi iwo amene amanyamula magetsi. Ukalemba kuti ndi ma electron, wasokoneza ndi zitsulo ndi graphite. Ku electrolysis kumbukira zomwezo: ma electron amayenda mu waya, ma ion amayenda m'madzimo. Oxidation imachitika ku anode, reduction ku cathode, ndipo yamba waona kuti ma electrode ndi a chiyani. Copper sulphate ndi ma electrode a carbon imatulutsa oxygen ku anode ndipo buluu wake amafwifwa, koma ndi ma electrode a copper anode ndiyo imadyeka, buluu osasintha.

Palinso strong ndi concentrated, zimene ana amazisakaniza chaka chilichonse. Concentrated ili ngati Sobo musanathire madzi: zachuluka m'malo ochepa. Strong ikunena za acid amene amagawika yense kukhala ma ion akalowa m'madzi. Hydrochloric acid ngakhale utamusukulutsa bwanji ndi strong basi, ndipo ethanoic acid wa mu viniga ngakhale atachuluka bwanji ndi weak, chifukwa ndi ma molecule ochepa okha amene amagawika. Catalyst nayo, monga iron ya mu Haber process, imafulumizitsa ntchito koma siwonjezera ammonia amene apezeke pa equilibrium. Ndipo ΔH (enthalpy change) ya reaction yotulutsa kutentha imakhala ndi minus. Kachizindikiro kameneko ndi gawo la yankho.

Ku organic sindichedwako, poti woloweza amakhoza bwino kumeneko. Ukajambula structure, werenga mikono ya carbon iliyonse: ikhale inayi, osati itatu kapena isanu. Pa dzina, werenga kuchokera kumapeto kumene kukupatsa nambala yaing'ono.

Chingerezi usachiope kwambiri. Wochonga Chemistry sakusaka ziganizo zokongola, koma mawu oyenera pamalo oyenera. Chofunika ndi kumva chimene funso lalamula. "State" ndi kungotchula. "Describe" ndi kunena zimene zikuchitika mwandondomeko. "Explain" imafuna chifukwa, ndiye yankho lako likapanda "because" kapena mnzake, likayikire. Yang'ananso malikisi amene ali kumapeto kwa funso. Ngati ndi 3, pakufunika mfundo zitatu zosiyana, osati mfundo imodzi yonenedwa katatu. Ngati ndi 1, usalembe ndime yonse, chifukwa nthawi ukuwononga apayo ndi imene idzakusowe pa mafunso a kumapeto.

Pa masabata amene atsalawa, notsi zipume pang'ono. Peza mapepala akale a MANEB, ulembe limodzi utatseka mabuku ndipo wotchi ili patsogolo, kenako upemphe aphunzitsi kapena mnzako wankhanza pochonga kuti achonge zimene walemba, osati zimene umafuna kunena. Ngati kusukulu kwanu kulibe burette, pempha aphunzitsi akambirane ndi sukulu yoyandikana nayo kuti kalasi yanu ikaigwire ngakhale Loweruka limodzi. Kuzolowera kulemba zimene waona ndiye sikulira labotale. Wiritsa chidede, usefe madzi ake ofiirawo, uwagawe m'makapu atatu agalasi. M'kapu yoyamba finyira ndimu, yachiwiri thira madzi a chidulo kapena soda wophikira thelere, yachitatu uisiye kuti uziyerekezera nayo. Ukatero lemba m'Chingerezi mtundu wakale ndi watsopano wa kapu iliyonse, ndipo pamzere wina wapadera ulembe kuti acid ndi iti, base ndi iti, ndi chifukwa chake.