Nkhope ya amuna anga inauma, alamu akuti ndi kondaine

A dokotala, amuna anga ali ndi zaka 64 ndipo papita zaka ziwiri osamwetulira. Adzukulu akabwera amangowayang'ana dwii, osaphethira. Mawu ndi apansipansi, dovu limachucha, dzanja lamanja limanjenjemera akakhala pansi. Alamu anga akuti ndinawadyetsa kondaine. Asing'anga awiri anawatema mphini, tsopano ndikuwapatsa mapiritsi a Artane amene mnzanga anandigawira. Kodi ndinawalakwira chiyani?
Mayi wa ku Mchini, Chipata

Amayi, simunawalakwire kanthu, ndipo nkhope youmayo si mkwiyo. Munthu sitimuyeza pa kalata, koma zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi matenda a Parkinson.

Mu ubongo muli timaselo topanga mankhwala otchedwa dopamine. Ndi amene amayendetsa zinthu zimene thupi limachita lokha osaganizira: kuphethira, kumeza malovu, kugwedeza mikono poyenda, kumwetulira mdzukulu akakusekerani. Timaseloti tikamafa, minofu ya kunkhope imalimba n'kumachedwa kuyankha. Munthu wathanzi amaphethira ka 15 mpaka 20 pa mphindi, pamene iwo amatha kukhala nthawi yaitali maso ali gwa. Dovulo silinachuluke, akungomeza mwa apo ndi apo. Chimwemwe chili m'kati monga kale, koma nkhope ikulephera kuchionetsa.

Za kondainezi zimandiwawa mtima, chifukwa mayi amene akusamalira wodwala usana ndi usiku ndi yemweyo amene amamuloza chala. Matendawa anawafotokoza James Parkinson ku London mu 1817. Amagwira amuna ndi akazi, okwatira ndi osakwatira omwe. Papa John Paul II, amene anadzacheza ku Zambia mu 1989, anadwala matenda omwewa, ndipo analibe mkazi womuphikira ndiwo. Komanso timaselo tija timayamba kufa zaka zambiri nkhope isanasinthe. Takumbukirani ngati bambo sanayambe kale kudzimbidwa, kusamva fungo la ndiwo, kapena kukuwa ndi kumenya mateche kutulo. Palibe chothira mu nsima chimene chimachita zimenezi. Mmodzi mwa alamu anuwo apite nanu kuchipatala akadzimvere yekha.

Zaka ziwiri ndi zambiri, amayi. Mphini sizifika ku ubongo. Artane amachepetsa kunjenjemera, koma kwa achikulire amasokoneza mutu, amaonetsa zinthu zimene kulibe, amawonjezera kudzimbidwa ndi kutseka mkodzo. Ngati amwa kwa masabata angapo musawasiyitse tsiku limodzi, adokotala ndiwo achepetse pang'onopang'ono.

Sabata ino pitani ku kiliniki yanu mukapemphe kalata yopita ku Chipata Central Hospital. Tengani mankhwala onse amene amwapo, ndi mapepala ake omwe. Izi n'zofunika chifukwa haloperidol ndi chlorpromazine, mankhwala a matenda a maganizo, komanso metoclopramide, woletsa kusanza uja, amatha kuumitsa nkhope chimodzimodzi, ndipo akachotsedwa munthu nthawi zambiri amabwerera mwakale. Musadabwe ngati sakawatenga magazi, matendawa amadziwika poyeza thupi. Akawayendetsa m'khonde, akawapinda mkono kuti amve kulimba kwake, akawauza kugundanitsa chala chachikulu ndi cholozera mwachangu, ndi kulemba dzina lawo, poti zilembo zimanka zichepa. Mukanene ngati sakufuna kudya kapena amalankhula zotaya mtima, chifukwa matenda ovutika maganizo amayenda limodzi ndi Parkinson ndipo ali ndi mankhwala akeake. Zikavuta amatumiza kwa akatswiri a ubongo ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka.

Mankhwala enieni ndi levodopa wosakaniza ndi carbidopa, kawirikawiri piritsi lolembedwa 100/25. Amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza mpaka katatu pa tsiku. Sachiza matendawa, koma ambiri thupi limamasuka, mawu n'kukwera, nkhope n'kuyambanso kuyenda. Azimwa nthawi yofanana tsiku lililonse, mphindi 30 asanadye, chifukwa nyama, kapenta, nyemba ndi mazira zimalimbana ndi mankhwalawa m'matumbo. Mapiritsi owonjezera magazi atalikirane nawo maola awiri. Akachita nseru amwere limodzi ndi nthochi, osagula metoclopramide. Azidzuka mwapang'onopang'ono poti chizungulire chimabwera. Mukatenge ena kudakali sabata kuti athe, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumatha kuumitsa thupi lonse ndi kulitentha moopsa.

Pemphaninso kuonana ndi a mafizo. Kunyumba, m'mawa ndi madzulo, akhale pa galasi azikweza nsidze, kutsinzina mwamphamvu, kufufumitsa masaya ndi kumwetulira mokokomeza, chilichonse ka 10, kenako aimbe nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Musamawerengenso nkhope yawo kuti mudziwe za mumtima, afunseni pakamwa n'kudikira yankho. Adzukulu nawo muwauze kuti agogo akusangalala ngakhale sakuseka. Koma tsiku lina kamwa likapotokera mbali imodzi mwadzidzidzi, mkono n'kulefuka kapena lilime n'kulemera, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo muthamange nawo kuchipatala ola lomwelo.