Kasitomala akatipatsa zaulere, tilandire?

Mayi wina yemwe ali ndi kakampani koyeretsa m'maofesi ndi m'mahotela wanditumizira imelo. Akuti apata kontirakiti pa hotela ina, ndipo mwezi usanathe manijala wa pamalopo wawalonjeza zinthu zitatu: antchito awo azidya nawo kukantini ya ogwira ntchito osalipira, iwo eniake azilowa ulere mu jimu (malo ochitira masewera olimbitsa thupi) ya hotelayo, komanso atenge mipando ndi ma TV akale amene akuchotsedwa m'zipinda. Funso lawo ndi ili: "Ndilandire kapena ndikane? Ndikakana ndioneka wodzikweza, koma ndikalandira ndikuopa kuti mawa zidzanditseka pakamwa."

Mayi, mantha anuwo ali ndi pogwira. Koma zinthu zitatuzi musazimange mtolo umodzi. Chakudyacho landirani, jimuyo ikaneni, ndipo katunduyo asatuluke pageti popanda kalata.

Tiyambe ndi chimene mumagulitsa. Sopo, mankhwala ophera majeremusi ndi zokolopera zimadya ndalama ndithu, koma chimene chimadya kwambiri pa bizinesi yoyeretsa ndi malipiro a anthu. Kwenikweni inu mumagulitsa maola. Mtengo munaupereka mutawerenga zipinda, makonde, zimbudzi ndi nthawi imene munthu mmodzi amatenga kuti amalize. Tsono onani zimene manijala akukupatsani. Makina a mu jimu alipo kale, magetsi akuyaka kale. Inu mukalowamo hotela sitaya kanthu. Koma tsiku limene adzanene kuti, "Poti anthu anu ali pompano, angotsukako makapeti a mu holo, kunali phwando dzulo," maola amenewo mudzalipira ndinu, pamodzi ndi mankhwala ake ndi ovataimu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Sindikunena kuti woikayo ndi munthu woipa ayi, mwina ndi wamtima wabwino zedi. Vuto ndi loti lilime lanu lidzalemera. Munthu amene dzulo madzulo munali kuthamanga pamakina ake ulere, mudzachita manyazi kumutumizira invoisi ya ntchito yapadera. Koyamba mudzati ndangothandiza, kachiwiri chimodzimodzi, kenako makapeti a mu holo adzalowa m'ntchito yanu ya sabata ndi sabata popanda amene anasainira. Ikadzakwana nthawi yokambirana mtengo watsopano, mudzamva kuti, "Koma paja timakusamalani bwino."

Jimuyo ilinso ndi vuto lina: ndi yanu nokha. Amene amawerama m'zimbudzi n'kumapuma fungo la mankhwala sapindula nayo. Ndipo kodi mwini hotela akudziwa? Ngati ndi zapakati pa inu ndi manijala basi, ndiye kuti munthu amene ntchito yake ndi kuyendera ndi kusainira kuti mwagwira bwino ali ndi kachinsinsi ndi inu. Kachinsinsi kotere kamakula. Tsiku lina adzati, "Loweruka munditumizireko awiri akakonze kunyumba kwanga," ndipo sadzatchula zolipira. Pamenepo zinthu zatembenuka: tsopano ndinu amene mukupereka kanthu kwa munthu woyang'anira kontirakiti yanu. Ambiri amaganiza kuti ziphuphu ndi za m'boma zokha, komanso kuti zimabwera mu envulopu. Pangano la United Nations lolimbana ndi katangale la mu 2003 lili ndi gawo lake la ziphuphu za pakati pa makampani omwe si aboma, ndipo ku Britain lamulo la Bribery Act la mu 2010 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe, ngakhale onse ali a bizinesi wamba. Ntchito yaulere ya tsiku limodzi kunyumba kwa manijala ndi phindu lowerengeka ngati ndalama. Zikaululika, iye achotsedwa ntchito, inu kontirakiti yatha, ndipo mbiri imakutsogolerani kwa makasitomala ena.

Chakudya ndi nkhani ina. Chimapita kwa antchito, chimadyedwa poyera, ndipo hotela nayonso ikupindula chifukwa anthu sachoka pamalo nthawi yopuma. Kuchikana pofuna kuoneka olongosoka kungakhale kulanga anthu anu pachabe. Chongofunika ndi kuchilowetsa m'kontirakiti, mzere umodzi wokha: hotela idzapereka chakudya kwa antchito a pashifiti, ndipo zimenezi sizisintha mtengo kapena ntchito imene tinagwirizana. Zikalembedwa, si chifundo cha manijala, ndi mbali ya mgwirizano, ndipo manijala wina akadzabwera sangangozithetsa m'mawa umodzi antchito n'kumadandaulira inu. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musadzadule malipiro a antchito ponena kuti paja amadya kuntchito. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanena kale m'pangano lake la nambala 95 la mu 1949 kuti kulipira munthu ndi zinthu kukhale mbali chabe ya malipiro, pamtengo wachilungamo, komanso pokhapokha ngati malamulo kapena mgwirizano ukulola. Apa chakudyacho simunagule ndinu n'komwe.

Pa katundu wakale mpamene ndikufuna muchenjere kwambiri, chifukwa amene amapsa ndi wantchito, osati inu. Taganizani mtsikana wanu wavala yunifomu, wasenza TV, wafika pageti nthawi yoweruka. Mlonda akufunsa chiphaso chotulutsira katundu. Iye akuti, "Atipatsa ndi abwana." Abwanawo foni yawo sikupezeka. Mlonda akutembenuza TV ija, kumbuyo kuli kasitika kokhala ndi nambala ya katundu wa hotela, ndipo m'buku la katundu nambala imeneyo ikadalipo, palibe anaifafaniza. Kwa mlonda nkhani yatha pomwepo. Oyeretsa amasunga makiyi, amalowa m'zipinda mulibe anthu, amagwira ntchito ena ataweruka. Kanthu kakasowa, maso onse amayamba ndi iwo ngakhale sanalakwe. Zimandipweteka kuti munthu amene wakhala wokhulupirika zaka zambiri akhoza kutchedwa wakuba chifukwa cha mphatso ya pakamwa chabe.

Ndiye ngati mipandoyo mukuifuna, pemphani kalata yosainidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yochotsa katundu wa kampani. Nthawi zambiri ameneyo si manijala amene mumaonana naye tsiku ndi tsiku, koma mwini wake kapena a ku akaunti. Kalatayo itchule chinthu chilichonse, nambala yake ndi tsiku. Kukatenga mupite nokha, masana, mlonda alembe m'buku lake. Makompyuta, mafoni ndi chilichonse chosunga zolemba za kasitomala musalandire ngakhale atakukakamizani, chifukwa zimene zili m'katimo zikadzatuluka, chala chidzaloza inu. Ndipo ganiziranitu kuti katunduyo apita kwa yani. Mukatenga zonse n'kupita nazo kwanu antchito akuona, musadabwe mawa akayamba kulandira zawo m'seri.

Zimenezi zikundifikitsa pa timphatso ting'onoting'ono timene antchito amapatsidwa inu kulibe, zomwe simunafunse koma muzikumana nazo. Kuletsa zonse sikugwira: mlendo wa pahotela akathokoza ndi kandalama, wantchito alandira basi, ndipo alibe mlandu. Chimene chimathandiza ndi malire omveka. Ogwira ntchito m'boma la America amaloledwa kulandira mphatso yosapitirira madola 20 pa nthawi imodzi, ndi madola 50 pa chaka kuchokera kwa munthu kapena kampani imodzi. Simukuyenera kukopera manambala amenewo, koma nzeru yake ndi yabwino: wantchito asamachite kuganiza yekha, adziwe nambala. Choposa pamenepo anene kwa inu, mulembe m'kabuku. Auzeninso momveka kuti ndalama imene yapezeka patebulo kapena pansi pa bedi si mphatso pokhapokha mwini wake atanena. Ngati mumayeretsanso m'nyumba za anthu okalamba, kumeneko zinthu za mtengo wapatali monga mphete kapena wotchi azikana ndithu. Agogo akhoza kupereka ndi mtima wonse lero, mawa aiwala, ndipo ana awo akabwera sadzamva zoti inali mphatso.

Za kuoneka wodzikweza musadandaule nazo kwambiri. Chimene chimakhumudwitsa munthu ndi kukana mouma. Muyankheni manijalayo pa imelo, osati pakamwa, mumuthokoze chifukwa choganizira antchito anu, mumuuze kuti chakudyacho mwalandira ndipo mutumiza kamzere koonjezera m'kontirakiti. Za jimu ingonenani kuti kampani yanu ili ndi lamulo loti mwini wake salandira zaulere kwa makasitomala, ndipo mukafuna kulowa mudzalipira ngati wina aliyense. Za mipando funsani kuti amasainira ndani. Mu imelo yomweyo ikaninso mitengo ya ntchito zapadera, monga kutsuka makapeti, mawindo a m'mwamba ndi kukonza holo pambuyo pa phwando, kuti akadzazifuna angoitanitsa podziwa kuti invoisi ibwera.