Bwanji nsomba za ku Swartkops zasiya kudya chiyambire Juni?

Achimwene ena a ku Nkhotakota, amene panopa akugwira ntchito mumzinda wa Gqeberha ku South Africa, anditumizira imelo. Akuti Loweruka lililonse amalawirira mbandakucha kukawedza pamadzi osaya a mtsinje wa Swartkops, pafupi ndi pamene umathira m'nyanja yamchere. Nyengo yotentha ankabwerako ndi ndiwo, koma chiyambire Juni akungodyetsa nyambo nkhanu. Funso lawo ndi lakuti: kodi nsomba zathawa?

Zina zachokadi, achimwene. Nsomba zikuluzikulu zotchedwa leervis zimalowera ku KwaZulu-Natal nyengo ino, nthawi yomwe masadini amakwera gombe. Koma nsomba yamathothomathotho yotchedwa spotted grunter, imene ndikuganiza kuti ndiyo munkapha, zambiri zimakhalabe mumtsinjemo. Vuto ndi nthawi imene mukupita.

Inu munakulira kunyanja kwathu, kumene madzi sadzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku, ndipo msodzi amangoyang'ana mwera ndi kutuluka kwa dzuwa. Ku Swartkops madzi amadzaza kawiri patsiku, ndipo mawa lake amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Ndiye mukamafika 5 koloko Loweruka lililonse, sabata ino mupeza madzi odzaza, sabata yamawa matope okhaokha.

Onjezani chisanu. Thupi la nsomba limatsatira kutentha kwa madzi. Usiku wa Julayi madzi ofika m'mawondo amazizira msanga kuposa akuya, choncho m'mawa nsomba zimakhala zitatsikira m'ngalande, zaulesi, zosafuna kuthamangitsa chakudya. Tsiku labwino ndi lija madzi aphwa chakumasana, matope akuda aja n'kuwambidwa ndi dzuwa maola angapo. Madzi akamabwerera cha m'ma 2 kapena 3 koloko, amafunda podutsa pamatopepo, grunter n'kukwera nawo. Imazondoka mutu pansi n'kupemerera madzi m'mauna a timud prawn, tizilombo tonga tinkhanu tokhala m'matope, kuti tituluke, ndipo nthawi zina mumaona mchira wake uli pamwamba. Mukaona michira kapena matope ovunduka, musaponyenso kutali. Ine kulawirira m'chisanu ndinasiya kalekale, ndipo bulangeti silinandidandaulepo.

Zanyengo muzizitsatanso. Masiku ofunda aja amene mphepo youma imaomba kuchokera kumtunda mvula yozizira isanafike ndi abwino. Ikangodutsa mvulayo, dikirani masiku awiri kapena atatu kuti madzi akhazikike.

Nyambo yake ndi yomweyo imene nsombayo ikufukula: mud prawn kapena sand prawn (mnzake wa mumchenga), yamoyo, yopopa ndi pampu madzi ataphwa. Mtovu ukhale waung'ono kwambiri, pena osaikako n'komwe. Mvula ikakhala kuti sinagwe, madzi a chisanu amayera mbee, ndiye chingwe chokhuthala chomwe munkakokera kampango chisiyeni kunyumba. Yendani mokhwekhwereza mapazi pang'onopang'ono, chithunzithunzi chanu chisagwere pamene mukuponya. Grunter ikatola nyambo musafulumire kukoka, ilekeni ithamange nayo kaye. Pochotsa mbedza samalani, m'mbali mwa makha ake ndi mwakuthwa ngati lumo.

Za malamulo musazitenge mwachibwana, makamaka inu mlendo m'dziko la eni. Pamafunika chilolezo chowedzera, ndipo kutola nyambo kuli ndi chilolezo chakechake. Grunter yololedwa ndi yoyambira masentimita 40, zosapitirira 5 patsiku, ndipo kugulitsa n'koletsedwa. Nsomba zina zotchedwa dusky kob ndi white steenbras, iliyonse ndi imodzi yokha patsiku, yoyambira masentimita 60. Timud prawn musapitirire 50. Kachingwe koyezera kazikhala m'thumba, chifukwa grunter ya masentimita 36 imaoneka yaikulu kwambiri munthu ukakhala kuti watha milungu isanu osapha kanthu.

Loweruka likubwerali yambani mwaona tchati cha nthawi yodzaza ndi kuphwa kwa madzi pafoni. Ngati akuphwa pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko, gonani mokwanira, mudye nsima, mukafike nthawi yopopa nyambo. Mukandiuze mmene ziyendere.